Matenda a Ubongo Amene India Sanawawerengebe

Kawirikawiri nkhani yake imayamba ndi manyazi. Bambo wa zaka 55, woti moyo wake wonse wakhala kalaliki wolemekezeka, wosaphonya mapemphero a m'mawa, tsiku lina ali pa ukwati wa mwana wa mlongo wake angotambasula dzanja n'kutapa timaswiti ta laddu m'mbale ya mlendo. Anthu ayang'anizana, iye osaona cholakwa. Patapita miyezi ingapo ayamba kudya zotsekemera zimene mkazi wake waika pa kaguwa ka milungu m'nyumba, mwambo usanathe n'komwe. Apongozi ake amwalira, iye akhala pamaliro ngati ali podikirira basi. Ndalama zimene ankasungira ukwati wa mwana wake wamkazi azipereka kwa munthu wongokumana naye panjira. Kusamba aleka.

Koma mutamufunsa kuti lero ndi lachingati, ayankha molondola. Mtengo wa mpunga akuudziwa, njira ya kuntchito sanaisokonezepo. Ndiye abale anena zimene aliyense anganene: munthuyu wasintha mtima, mwina wapeza mkazi wina, mwina wina wamuchita chipongwe. Apita naye kukachisi, apita naye kwa woombeza ndi nyenyezi, kenako kwa dokotala wa matenda a maganizo amene amupatsa mankhwala a nkhawa. Zaka zitatu kapena zinayi zitha asanaikidwe m'makina a MRI. Chithunzi chikatuluka, chionetsa kuti ubongo wa kumaso, kuseri kwa chipumi, wafota ngati chipatso chouma.

Madokotala a ubongo a ku Hyderabad, Bengaluru, Kolkata ndi Thiruvananthapuram amaudziwa bwino ulendo woterewu, chifukwa amaumva mobwerezabwereza m'zinenero zosiyanasiyana. Nthendayi dzina lake ndi frontotemporal dementia, mwachidule FTD. Inafotokozedwa koyamba ndi Arnold Pick ku Prague mu 1892, zaka zoposa 10 Alois Alzheimer asanalengeze za wodwala wake wotchuka uja. Komabe mpaka lero anthu akamva mawu oti dementia amangoganiza za gogo woiwala mayina a zidzukulu zake.

Dementia ndi dzina la mtolo wonse wa matenda amene amawononga ubongo mpaka munthu kulephera kudziyendetsera moyo wake. Mu mtolowo, nthenda ya Alzheimer ndiyo nkhuni yaikulu, ndipo yotsatira ndi imene imabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikawonongeka, monga pambuyo pa sitiroko. Zotsalazo mabuku amazitcha zosowa: FTD, dementia ya Lewy body, nthenda ya madzi odzadza mu ubongo, nthenda ya Creutzfeldt-Jakob ndi zina. Funso limene landigwira mtima ndi lakuti, kodi ku India matendawa ndi osowadi, kapena chosowa ndi maso owaona?

Tiyambe ndi zimene zinawerengedwa. Mu 2023 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Jinkook Lee linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa dziko lonse wotchedwa LASI-DAD. Linapeza kuti mwa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, 7.4 pa 100 alionse ali ndi dementia, kutanthauza anthu pafupifupi 8.8 miliyoni. Amayi ndi ochuluka kuposa abambo, akumudzi kuposa a m'tauni, osaphunzira kuposa ophunzira. Ku Jammu ndi Kashmir chiwerengerocho chinafika pa 11 pa 100 alionse, pamene ku Delhi chinali 4.5. Ngati zinthu zipitirira chonchi, pofika 2036 odwalawo adzakhala atayandikira 17 miliyoni, pakuti dzikolo likukalamba: bungwe la UNFPA linati mu 2022 kunali anthu 149 miliyoni a zaka 60 kapena kuposerapo, ndipo mu 2050 adzakhala 347 miliyoni.

Chiwerengero cha 8.8 miliyonicho chaphatikiza matenda onse pamodzi, ndipo chikuyambira pa zaka 60. Bambo wa pa ukwati uja mulibemo.

Mbiri ya kuwerenga kumeneku payokha ili ndi phunziro. M'zaka za m'ma 1990, Vijay Chandra ndi Mary Ganguli anayenda khomo ndi khomo m'midzi ya ku Ballabgarh, m'chigawo cha Haryana, ndipo anapeza kuti mwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, oposa pang'ono mmodzi pa 100 alionse ndiwo anali ndi dementia. Chiwerengerochi chinali m'gulu la zotsika kwambiri padziko lonse, moti ena anayamba kunena kuti mwina chinsinsi chili m'zokometsera ndiwo zimene Amwenye amadya. Kenako kunabwera gulu la 10/66, limene linabadwira pa msonkhano wa ku Kochi mu 1998. Dzina lawo linali dandaulo: kafukufuku wosakwana 10 pa 100 ndiye ankachitikira m'mayiko osauka, kumene kunali 66 pa 100 a odwala onse. Iwowa atayeza nkhalamba za kumidzi ya ku Vellore ndi muyezo wodziwika wa ku America, anapeza odwala osakwana mmodzi pa 100. Atayeza anthu omwewo ndi njira yawo yoganizira za chikhalidwe ndi maphunziro, anapeza pafupifupi 10 pa 100.

Chinachititsa kusiyana kumeneku ndi banja. Muyezo wa ku America umafuna umboni woti munthu akulephera ntchito zake za tsiku ndi tsiku. Koma m'nyumba imene muli ana, azipongozi ndi zidzukulu, gogo saphika, sagula, sagwira ndalama. Mukafunsa mwana wake kuti kodi mayi ali ndi vuto, ayankha kuti ayi, chifukwa kunena kuti kholo lasokonekera n'kulichotsera ulemu. Olankhula Chihindi ali ndi mawu oti sathiya gaya, kunena kuti munthu zaka 60 zamulowa m'mutu. Ku Kerala amati chinnan, kutanthauza ubwana wa munthu wamkulu. Ifenso timati agogo abwerera ku ubwana, ndipo tikatero nkhani yatha, palibe wopita kuchipatala. Ngati nthenda ya Alzheimer, imene dziko lonse limaidziwa, imabisala chonchi, kuli bwanji zinzake zimene zizindikiro zake sizifanana n'komwe ndi kuiwala?

Kafukufuku wa khomo ndi khomo, monga amene S. Shaji ndi anzake anachita ku Kerala, ankapeza kuti pafupifupi odwala onse ndi a Alzheimer kapena a mitsempha ya magazi. Koma zipatala zoona za vuto la kukumbukira zinaona zina. Mu 2011 Suvarna Alladi ndi anzake a pa Nizam's Institute of Medical Sciences ku Hyderabad anasindikiza zimene anapeza pa odwala 347 motsatizana mmene ankabwerera. A Alzheimer anali 38.3 pa 100 alionse, a mitsempha ya magazi 25.4, a FTD 18.7, a Lewy body 8.9, ndipo 8.6 anali ndi matenda osakanikirana. Ndiye kuti mwa odwala anayi alionse, oposa mmodzi anali ndi nthenda imene mabuku amati ndi yosowa. Zaka zawo pobwera kuchipatala zinali pafupifupi 66, kucheperapo ndi zaka pafupifupi 10 poyerekeza ndi za m'mayiko olemera, ndipo theka la iwo matendawa anawayamba asanakwanitse zaka 65.

Tisathamange nazo ziwerengerozi. Chipatala chachikulu chimakoka matenda ovuta ndi odabwitsa. Gogo wa zaka 80 woiwalaiwala amasungidwa kunyumba, pamene bambo wa zaka 55 amene wataya ntchito ndi kuchititsa banja manyazi amathamangira naye kutauni ngakhale pangongole. Komanso India ali ndi anthu ambiri a zaka zapakati poyerekeza ndi nkhalamba zenizeni, ndipo FTD imakonda kugwira anthu a zaka zapakati pa 45 ndi 65. Choncho chipatala chimakulitsa chiwerengero, pamene kafukufuku wa kumudzi, amene amayambira pa zaka 60 kapena 65 ndipo alibe makina ojambula ubongo, amachichepetsa. Ine ndikuona kuti kuchepetsako ndiko koopsa, chifukwa boma limagawa ndalama ndi kuphunzitsa madokotala potengera zimene zalembedwa.

Chitsanzo choonekeratu ndi nthenda ya Creutzfeldt-Jakob, imene imawononga ubongo mofulumira ndipo ambiri imawapha chaka chisanathe. Padziko lonse imagwira munthu mmodzi kapena awiri pa miliyoni iliyonse pachaka. Dziko la anthu 1.4 biliyoni liyenera kukhala ndi odwala oposa 1,000 chaka chilichonse. Koma kaundula wa nthendayi amene anakhazikitsidwa pa chipatala cha NIMHANS ku Bengaluru, m'zaka makumi angapo sanafike ngakhale pa chiwerengero cha chaka chimodzi. Enawo anamwalira ndi dzina lina, kapena opanda dzina lililonse.

Wina angafunse kuti dzinalo n'lantchito yanji poti matenda ambiriwa alibe mankhwala ochiza. Yankho lili pa dementia ya Lewy body, ndipo apa ndipempha kuti tichedwepo.

Nthendayi inatenga dzina kwa Friedrich Lewy, amene mu 1912 anaona timibulu ta puloteni m'maselo a ubongo wa odwala Parkinson. Dokotala wa ku Japan, Kenji Kosaka, ndiye anaonetsa mu 1976 kuti timibulu tomweto timabweretsanso dementia. Wodwala wake amaona zinthu zoti palibe, ndipo amaziona bwinobwino: tiana tosadziwika titakhala pampando, galu pansi pa bedi, alendo ataima pakhonde osayankhula. M'mawa akhoza kukhala wanzeru zake zonse, n'kuwerengera ndalama za mkaka mosalakwitsa, masana n'kungoti duu, maso ali gwa, osamva chilichonse. Thupi limauma, mayendedwe amakhala okhwekhwereza, amagwaigwa. Ndipo zaka zambiri izi zisanayambe, ena amakhala akuchita maloto awo ali m'tulo: kukuwa, kuponya zibakera, kumenya mateche mpaka kugwa pabedi.

Banja limene gogo wake akuona anthu osaoneka limayamba laganiza za mizimu. Likafika kuchipatala chaching'ono, dokotala wotopa, amene panja pakumudikira mzere wautali, amamva mawu amodzi okha, oti akuona zinthu, n'kulemba haloperidol, mankhwala otchipa a misala. Kwa munthu wa Lewy body mankhwala amenewa ndi msampha. Odwala 30 mpaka 50 pa 100 alionse amadwalika nawo koopsa: thupi limauma gwa, amagona osadzuka, amalephera kumeza, ena amamwalira. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthenda yomweyi ndi imene imamva bwino mankhwala monga donepezil ndi rivastigmine, amene makampani a ku India amapanga pamtengo wotsika. Mankhwala oyenera ali pa shelefu ya sitolo yomweyo. Pa FTD zinthu zimatembenuka: donepezil sathandiza, ndipo ena amawawonjezera chipwirikiti. Dokotala akangolemba kuti dementia n'kupereka mankhwala amodzi kwa onse, wina wamuthandiza, wina wamupweteka.

Nanga amazisiyanitsa bwanji? Makina alipo m'mizinda ikuluikulu. MRI imaonetsa mbali ya ubongo imene yafota, sikani ya PET imaonetsa mbali imene yaleka kugwiritsa ntchito shuga mokwanira, ndipo pali sikani ina yoona mmene mankhwala a mu ubongo otchedwa dopamine akuyendera. Koma madokotala a ubongo ku India ndi masauzande ochepa chabe, ambiri a iwo ali m'mizinda, pamene anthu ochuluka ali kumidzi. Ndipo makinawo asanafike, choyamba ndi mafunso, amene nawonso ali ndi vuto lawolawo.

Mafunso odziwika oyezera ubongo anapangidwira anthu ophunzira olankhula Chingelezi. Amamuuza munthu kuti atchule zilembo za mawu chobwerera m'mbuyo, alembe chiganizo, awerenge lamulo lolembedwa papepala. Mayi wa ku Haryana amene sanagwirepo pensulo alephera zonsezi ubongo wake uli bwinobwino. Gulu la Ganguli litaona zimenezi linakonza mafunso a m'Chihindi mu 1995, ndipo njira zimene linapeza n'zogwira mtima. M'malo mwa masamu opanda nkhani, woyeza amati: munthu ali ndi marupi 20 okwerera basi, tsiku lililonse amalipira marupi 3, tsiku loyamba atsala ndi zingati, nanga lachiwiri? M'malo mwa zilembo, amati atchule masiku a pamlungu chobwerera m'mbuyo. M'malo molemba chiganizo, amati tandiuzani kanthu kena kokhudza nyumba yanu. M'malo mowerenga lamulo, woyezayo amati yang'anani kuno muchite zimene ndikuchita, n'kutsinzina.

Mafunso amenewo amathandiza kuona kuti vuto lilipo, koma kusiyanitsa mitundu kumafuna zida zakuya. Bambo wa FTD akhoza kukhoza mafunso onse a basi ndi masiku aja, dokotala n'kumuuza kuti palibe vuto, mkazi wake n'kubwerera kunyumba akulira. N'chifukwa chake bungwe la boma loona za kafukufuku wa zachipatala la ICMR linasonkhanitsa akatswiri kuti apange bokosi la mayeso m'zinenero zisanu: Hindi, Bengali, Telugu, Kannada ndi Malayalam, loganiziranso anthu osadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ndi ntchito yaikulu, koma malamulo a dzikolo amazindikira zinenero 22, ndipo zolankhulidwa m'makomo ndi mazanamazana.

Pali mtundu wina wa FTD umene umadya mawu. Munthu amayankhula mosadodoma, koma matanthauzo akumuthawa limodzilimodzi. Mukamuuza kuti apatseni sipuni, akufunsani moona mtima kuti sipuni n'chiyani. M'mabuku a Chingelezi, chimodzi mwa zizindikiro za mtunduwu n'chakuti wodwala amalakwitsa powerenga mawu amene katchulidwe kake sikagwirizana ndi kalembedwe, omwe m'Chingelezi ndi ambirimbiri. Koma Chitelugu ndi Chikannada zimawerengedwa pafupifupi mmene zalembedwera, monga Chichewa chathuchi. Wodwala akhoza kuwerenga mokweza tsamba lonse mosaphonya, asakumva kanthu. Dokotala wodalira chizindikiro cha m'bukulo adzachidikira mpaka kalekale.

Zinenero zomwezi zinabweretsanso nkhani yosangalatsa. Ku Hyderabad n'zachizolowezi kuti munthu, ngakhale wosapita kusukulu, azilankhula Chitelugu kunyumba ndi Chiurdu kapena Chihindi kumsika. Mu 2013 Alladi, mogwirizana ndi Thomas Bak wa ku Edinburgh, anaunika odwala 648, mwa iwo 391 olankhula zinenero ziwiri kapena kuposa. Anapeza kuti olankhula zinenero zingapo dementia inawayamba mochedwerapo ndi zaka 4.5, ndipo izi zinaonekanso mwa osadziwa kuwerenga. Kuchedwako kunaonekera bwino pa FTD yosintha khalidwe, mwina chifukwa kusinthasintha zinenero kumalimbitsa mbali yomweyo ya ubongo imene nthendayi imayambira kudya. Akatswiri akutsutsanabe za tanthauzo lenileni la zimenezi, koma kwa ife amene timakula ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chingelezi pakamwa pamodzi, ndi nkhani yofunika kuitsatira.

Gulu limene limandiwawa kwambiri ndi la matenda ochizika amene amavala nkhope ya dementia. Vitamini B12 amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, ndipo Amwenye mamiliyoni ambiri sadya nyama chifukwa cha chipembedzo. Kuonjezera apo, kafukufuku wa ICMR wa mu 2023 anapeza kuti anthu 101 miliyoni ali ndi matenda a shuga, ndipo metformin, mankhwala amene ambiri amamwa, amachepetsa vitamini ameneyu akamwedwa zaka zambiri. Munthu woperewera B12 amaiwala, amasokonezeka, mapazi amachita dzanzi. Kuyeza magazi kamodzi ndi majakisoni otchipa zikhoza kumubweza, akapezeka msanga. N'chimodzimodzi ndi vuto la chithokomiro, chindoko cholowa mu ubongo, HIV, TB ya mu ubongo, kapena magazi oundana pansi pa chigaza nkhalamba ikagwa n'kuiwalika kuti inagwa.

Ndiye pali madzi odzadza mu ubongo mwa akuluakulu, nthenda imene Salomón Hakim ndi Raymond Adams anaifotokoza mu 1965. Zizindikiro zake n'zitatu: mapazi amakhala ngati amatidwa pansi, mkodzo umapulumuka, maganizo amachedwa. Aliyense woona zimenezi amati ndi ukalamba. Dokotala akakayikira, amachotsa timadzi pang'ono pamsana n'kumuyendetsa wodwalayo pakhonde la chipatala, akuwerenga masitepe ndi nthawi. Ena amene anabwera atagwiriziridwa amayenda okha tsiku lomwelo. Oterowo amawaika kapaipi kotulutsa madziwo, ndipo India amapanga kapaipi kotchipa kotchedwa Chhabra, kamene zipatala zambiri za mu Africa zimagwiritsa ntchito pa ana otupa mutu.

Pa za chibadwa, zimene zinapezeka ku Ulaya sizikwanira bwino ku India. Kusintha kwa jini yotchedwa C9orf72, kumene kunatulukiridwa mu 2011, ndiko kumayambitsa FTD yambiri ya m'mabanja a kumpoto kwa Ulaya, makamaka ku Finland. Akatswiri atakufufuza mwa odwala a ku India anapeza kuti n'kosowa. Ndiye kuti mabanja a kumeneko amene nthendayi ikuyenda m'magazi ayenera kufufuzidwa paokha. Umboni womaliza wa mtundu wa dementia umapezeka pounika ubongo munthu atamwalira, koma kwa Ahindu mtembo umatenthedwa mwamsanga, kawirikawiri tsiku lisanathe, ndipo kupempha banja lolira kuti lilole kutsegula mutu wa kholo ndi pempho lolemera. Nkhokwe yosungira ubongo imene S. K. Shankar anayambitsa pa NIMHANS mu 1995 yakhala ikudalira mabanja ochepa olimba mtima. Pakadali pano a Centre for Brain Research ku Bengaluru akutsatira anthu masauzande a kumidzi ya Srinivaspura kwa zaka zambiri, kuyambira asanadwale, kuti aone mmene matendawa amayambira.

Ntchito yodziwitsa anthu inayambira ku Kerala, kumene dokotala K. Jacob Roy, bambo ake atadwala Alzheimer, anakhazikitsa bungwe la ARDSI mu 1992. Lipoti la bungweli la mu 2010 linati mwa odwala 10 alionse, mwina mmodzi yekha ndiye amapezeka ndi kulandira thandizo. Mu 2022 boma la Karnataka, mogwirizana ndi NIMHANS, linayambitsa ndondomeko ya KaBHI yophunzitsa madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono ndi amayi a zaumoyo oyenda m'midzi, otchedwa ASHA, kuzindikira matenda a ubongo. Njira imeneyi ndiyo ndikuikhulupirira kuposa makina, chifukwa zambiri zosiyanitsa matendawa zili m'kamwa mwa munthu amene amagona m'chipinda chimodzi ndi wodwalayo. Chinayamba n'chiyani, kuiwala kapena kusintha khalidwe? Amagona bwanji usiku? Mayendedwe anasintha liti? Kadyedwe kake bwanji? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mafunso amenewa amafuna theka la ola limene dokotala wa kumudzi alibe pokhapokha wina amukonzere nthawiyo.

Bambo wa pa ukwati uja sachira. Odwala FTD ambiri amamwalira zisanathe zaka 10 chiyambireni zizindikiro. Koma tsiku limene dokotala aloza pa chithunzi n'kutchula dzina la nthendayo, m'nyumbamo mumasintha zinthu zooneka ndi maso. Mankhwala osathandiza aja amaleka. Khadi la kubanki limapita m'manja mwa mwana wamkulu, makiyi a njinga yamoto amabisidwa, zotsekemera zimatsekeredwa m'kabati. Ana amafunsa ngati nawonso idzawagwira, ndipo amauzidwa kuti pafupifupi mmodzi mwa odwala atatu amakhala ndi wachibale amene anadwalapo zofanana, choncho mbiri ya agogo ndi amalume iyenera kufufuzidwa. Abale amene analeka kubwera chichitikireni za pa ukwati paja amaimbiridwa foni n'kufotokozeredwa. Ndipo mkazi amene kwa zaka zinayi wakhala akudzifunsa kuti anamulakwira chiyani mwamuna wake, amafunsa dokotala kachiwiri, kuti amvetse bwino, ngati kuuma mtima kuja pa maliro a mayi ake kunalinso nthenda yomweyi. Dokotala amamuuza kuti inde.